Wolephera mayeso a ICAM afufuze kaye pomwe malikisi adathawira

Wamalonda aliyense amadziwa chochita tsiku limene ndalama za m'thumba sizikugwirizana ndi katundu amene watuluka. Sathamangira kukapikula wina. Amakhala pansi, kutsegula kabuku n'kuyamba kufufuza ngati pali ngongole yosalembedwa, chenje chopitirira kapena tomato woola. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo akalephera mayeso a zowerengera ndalama, nzeru imeneyi amaisiya pabenchi.

M'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu muli achinyamata ndi amayi amene masana amachita geni, usiku n'kumawerenga kuti alembe mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'dziko muno. Ena salemba okha koma amalipirira mwana kapena m'bale. Fizi ya mayeso, mabuku ndi thiransipoti zimachokera pa mpamba. Choncho zotsatira zikabwera zoipa, mtima umawawa ndipo bizinesi nayo imakhala yaluza.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa kachiwiri. Ena amangosiyiratu, amvekere bizinesi siifuna satifiketi. N'zoona, alipo amalonda olemera amene sadalembeko mayeso otere. Koma banki ikamafuna kubwereketsa ndalama imafunsa mabuku a bizinesi, ndipo a MRA akafika safuna nkhani za pakamwa. Enanso amalipira fizi msangamsanga n'kuyambanso kuwerenga buku lomwe lija kuyambira tsamba loyamba, m'njira yomwe ija. Kumeneko n'kuodanso katundu amene adakanika kuyenda, pamtengo womwe uja, n'kumayembekeza phindu.

Choyamba n'kuyang'ana malikisi. Pa mayeso amene okhozera ndi 50 pa 100, amene wapeza 45 ndi amene wapeza 20 onse alephera, koma matenda awo ndi osiyana. Wa 20 phunzirolo sadalimvetse, ndipo afunika kuphunzitsidwanso, mwina ndi mphunzitsi wina. Wa 45 kawirikawiri zinthu amazidziwa, chomwe chidamugwetsa ndi kalembedwe. Iyeyu atenge pepala la mafunso limene adalemba, akumbukire funso ndi funso: ili ndidaliyankha lonse, ili ndidasiyira panjira, ili sindidaligwire n'komwe. Akatero aona pomwe thumba lidabooka.

Bowo lalikulu limakhala nthawi. Pepala la maola atatu lili ndi mphindi 180. Ngati malikisi onse ndi 100, funso la malikisi 20 liyenera kudya mphindi 36, la malikisi 10 mphindi 18. Munthu amene wakakamira funso limodzi kwa ola lathunthu kaamba koti trial balance ikukana kugwirizana ali ngati venda amene akunenerera mtengo ndi kasitomala mmodzi pomwe anthu asanu ogula akudutsa. Malikisi oyamba a funso lililonse ndiwo osavuta kupeza. Nthawi ya funso ikatha, asiye mpata papepala, apite kutsogolo, adzabwerere ngati mphindi zatsala.

Bowo lachiwiri n'kusamva chomwe funso likufuna. Mayesowa amalembedwa m'Chingerezi, ndipo liwu loyamba la funso ndilo limalamula. Likati list, akufuna mndandanda basi. Likati explain, akufuna mfundo ndi chifukwa chake. Likati calculate, akufuna masamu oonetsa njira yonse. Pa masamu a zowerengera ndalama, ochonga amapereka malikisi pa njira imene munthu watsata ngakhale yankho lomaliza litaphonya. Wolemba nambala yokha popanda kuonetsa momwe waipezera amataya malikisi amene adali kale m'manja.

Kawerengedwe nakonso kafunika kusintha. Kuwerenga notsi mobwerezabwereza kumanamiza, munthu amaona ngati akudziwa chifukwa mawuwo akuwazindikira. Muyeso weniweni n'kutseka buku, kutenga pepala la mayeso a m'mbuyomu, kutchera nthawi pafoni n'kulemba ngati ali m'chipinda cha mayeso. Akamaliza achonge yekha mosadzikondera, kenako awerenge pokhapo pomwe waphonya. Kulemba funso limodzi tsiku lililonse m'mamawa msika usadatsegulidwe kumaposa kuchezera usiku wonse sabata yomaliza. Amene angathe apeze anzake awiri kapena atatu oti azichongerana, paja mutu umodzi susenza denga.

Wamalonda ali ndi mwayi umene wophunzira wa m'kalasi alibe: bizinesi yake ndi phunziro lokwanira. Katundu amene wapikula, amene wagulitsa pangongole, chiphaso cha khonsolo, lendi ya benchi ndi ndalama zolowa pa Airtel Money kapena Mpamba, zonsezi azilembe motsata debit ndi credit. Pakutha pamwezi ayerekeze kabuku kake ndi mauthenga a pafoni kapena sitetimenti ya kubanki. Amene wachita zimenezi miyezi itatu sangadabwe ndi funso la bank reconciliation, ndipo bizinesi nayo ipindula ngakhale mayeso asadafike.

Chomaliza ndi nthawi yobwereza. Mayeso a ICAM amalembedwa mu June ndi December. Wogulitsa zovala, nsapato ndi zakumwa amatanganidwa kwambiri Khirisimasi ikamayandikira, pomwe wogula ndi kugulitsa chimanga, soya ndi mtedza sapuma m'nyengo yokolola. Aliyense asankhe nyengo imene msika wake umazizira. Ndi bwinonso kulembetsa mapepala awiri n'kukhoza onse kusiyana n'kulipira anayi n'kugwa atatu. Fizi ayambe kusunga lero pang'onopang'ono kapena kudzera kubanki m'khonde. Katapila wa mayeso ndi msampha, chifukwa chiwongoladzanja chimayamba kukwera zotsatira zisadatuluke.

Amene walephera asalipire fizi ina asadalembe papepala zinthu zitatu zimene zidamugwetsa ndi chimene achite pa chilichonse. Ngati mndandandawo ukukanika kutuluka, ndalamayo ibwerere kaye ku katundu, mayeso adikire ulendo wotsatira.