Kudekha Pamaso pa Olemba Ntchito

Chaka ndi chaka anyamata ndi asungwana otsiriza Fomu 4, ngakhalenso ochokera ku Malawi College of Accountancy, amalemba makalata ofunsira ntchito ku mabanki, ku makampani a inshuwalansi ndi ku maofesi owerengera ndalama. Amwayi amaitanidwa kukayesedwa mafunso apakamwa. Kumeneko ena odziwa masamu bwino lomwe amagwa, ndipo chimene chimawagwetsa ndi phuma. Bwana asanatseke pakamwa, mwana wayankha kale.

Funso lake likhoza kukhala lotere: "Munthu wakongola K100,000 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa chaka, ndipo chaka chikatha chiwongoladzanjacho chimaphatikizidwa ku ngongole. Kodi adzabweza zingati zikatha zaka 2?" Waphuma amalumphira K120,000. Wodekha amayamba waona kuti chaka choyamba ngongole ifika K110,000, ndi kuti chiwongoladzanja cha chaka chachiwiri ndi K11,000. Motero yankho lake ndi K121,000. Kusiyana kwake ndi K1,000 chabe, koma kalaliki wa m'banki amagwira mabuku a anthu mazanamazana. Cholakwa chimodzi chikabwerezedwa m'mabuku onsewo, chuma cha eni ake chimasokonekera. Mabwana amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake pofunsa amayang'ananso m'mene munthu akufikira pa yankho.

Alipo ena amene amati kukhala chete ndi chizindikiro cha umbuli, ndipo mabwana amataya mtima ndi munthu wochedwa kuyankha. Mantha amenewa ngomveka, pakuti kwa munthu amene mtima ukugunda, masekondi 3 amatalika ngati tsiku. Komabe pa bwalo la milandu kumudzi mfumu siidula mlandu wodandaula akangokhala pansi. Imayamba yawerama, kusinkhasinkha, kufunsa nduna zake, ndipo palibe amene amaiyesa mbuli. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono kudekha kuli ndi malire ake, popeza zengerezu adalinda kwawukwawu. Woyesedwa amvetsere funso mpaka kumapeto, apume kamodzi, nasanje mfundo zake m'mutu. Ngati funso lili ndi ziwerengero, anene mwaulemu kuti, "Bwana, mundilole ndiwerengere pang'ono." Ngati silinamveke, afunse: "Kodi chiwongoladzanjachi n'chophatikiza kapena ayi?" Safunsa adadya phula. Ngati yankho salidziwa, avomere poyera ndi kufotokoza m'mene angalipezere. Munthu wopeka yankho pa mayeso adzapekanso ziwerengero m'mabuku, ndipo wotere palibe amene angamusungitse makiyi a sefa.

Gwero la phuma limeneli kawirikawiri lili m'kalasi, ndipo apa nkhani yafika kwa aphunzitsi. M'chaka cha 1972 mayi Mary Budd Rowe, katswiri wa maphunziro a sayansi ku America, adafalitsa zimene adapeza atafufuza m'makalasi: aphunzitsi ambiri ankadikira sekondi imodzi yokha atafunsa funso. Pamene adadikira masekondi 3 kapena kuposerapo, mayankho a ana adatalika, adakhala ndi zifukwa, ndipo ana amene kale ankangokhala duu adayamba kuyankha nawo. Mphunzitsi amene nthawi zonse amaloza mwana woyamba kukweza dzanja amaphunzitsa kalasi lonse kuti nzeru ndi liwiro. Mwana wotere akakula amapita ndi chizolowezi chomwecho pamaso pa olemba ntchito.

Choncho mphunzitsi akafunsa funso, awerenge chamumtima mpaka 3 asanaloze mwana. Nayenso wotsiriza sukulu ayeserere ndi mnzake kunyumba, wina kufunsa wina kuyankha, kufikira kachetechete wa masekondi ochepa atasiya kumuopsa. Makolo adagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti fizi ipezeke. Sibwino kuti thukuta la zaka zonsezo litayike chifukwa cha lilime lotsogola maganizo.