Mchere wa Odwala, Chidulo ndi Mapiritsi a Mafuta a m'Magazi

Munthu akapezeka ndi mafuta ochuluka m'magazi, napatsidwa simvastatin kapena atorvastatin, kaŵirikaŵiri amauzidwanso kuti achepetse mchere. Pofika kumudzi nkhwani sukoma, nyemba nazo zimangoti zii. Tsono mwana wa ku Blantyre kapena ku Joni amatumiza kabotolo ka "mchere wa odwala", agogo nawonso nakumbutsa za chidulo chotcheza ku phulusa la zitsononkho. Kodi zimenezi ziyanjana ndi mankhwala?

Mchere wa m'botolowo ndi wosanganiza: mbali ina ya sodium, amene amakweza kuthamanga kwa magazi, anaichotsa naikamo potassium. Mapiritsi a mafuta aja amagwira ntchito m'chiŵindi ndipo alibe mkangano ndi potassium. Ubwino wa mcherewu ndi wodziŵika. Kafukufuku wa m'midzi 600 ya ku China, wofalitsidwa mu 2021, anapeza kuti matenda a sitiroko, aja opha ziŵalo, anachepa ndi 14 pa 100 aliyense mwa anthu outhira m'ndiwo. Mu 2025 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linauvomereza kwa akuluakulu, koma malangizowo sakhudza odwala impso, amayi apakati ndi ana.

Vuto lagona pa kathumba kena ka mapiritsi. Wodwala mafuta a m'magazi nthaŵi zambiri amadwalanso BP kapena shuga, ndipo mwina akumwa enalapril, losartan kapena spironolactone. Mankhwala ameneŵa amachititsa impso kusunga potassium m'thupi. Akaonjezapo wa m'botolo, potassium angathe kusefukira m'magazi, makamaka ngati impso zafooka kale ndi shuga kapena ukalamba. Choopsa chake n'chakuti sizipweteka ayi. Ena amangomva kulefuka kwa miyendo, ena samva kanthu konse kufikira mtima utayamba kugunda mosokonezeka, mwinanso kuima kumene.

Chidulo nacho ndi potassium yemweyo, ndipo palibe mayi angadziŵe mlingo wake, pakuti phulusa lililonse lili ndi ukali wakewake. Kufeŵetsera therere mwa apo ndi apo ndi nkhani ina. Kuchiyesa mchere wa tsiku ndi tsiku kwa munthu wa pa enalapril ndiko kuputa ngozi. Soda wa m'golosale ndiye wonyenga koposa: ali ndi sodium yemwe uja wodwala akumuthaŵa. Ndiponso chidulo ndi soda alibe ayodini, amene amateteza ku chithokomiro, pamene mchere wa m'paketi uli naye.

Kwa anthu ambiri a ku Phalombe njira yanzeru ndi yosalira ndalama. Mchere wamba uchepetsedwe pang'onopang'ono mpaka usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiyo kasipuni kamodzi ka tiyi, poŵerengera ndi wa m'matemba ouma a ku Chilwa. Tomato, anyezi, mandimu ndi nsinjiro zikometse ndiwo. Lilime limazoloŵera pakapita masabata oŵerengeka.

Wofunabe mchere wa m'botolo atenge botololo pamodzi ndi timatumba tonse ta mapiritsi popita ku sikelo ya BP, kaya ku Migowi kaya ku Holy Family, ndipo asabise za chidulo. Adokotala akaona enalapril m'kabuku ka kuchipatala, adzafuna ayambe ayeza magazi kuti aone impso, asananene kuti inde kapena ayi.