Kodi Matope a ku Chilobwe Adasankha Ochimwa?

Usiku wa pa 12 Malichi 2023, Lamulungu lachitatu la nyengo ya Lenti, mvula ya namondwe Freddy idagwa osakata mu Blantyre monse. Ife a kuno ku Makata tidachezera maso, tikumva mkokomo wa Nasolo ndi makoma a zidina akugwa. Kutacha tidamva kuti phiri la Soche lakhuthulira matope ndi miyala pa nyumba za ku Chilobwe. M'dziko lonse adafa anthu oposa 600, mazana enanso sadapezeke, ndipo oposa 500,000 adasowa pogona.

Maliro asanathe nkomwe, alaliki ena m'misika ndi m'maminibasi adayamba kunena kuti Mulungu walanga ochimwa. Enanso, odzitcha aneneri, amaphunzitsa kuti wokhulupirira zenizeni sadwala kapena kusauka, ndipo amagulitsa timabotolo ta madzi ndi mafuta kwa amasiye omwe alibe ngakhale ufa wa phala. Abale athu, chiphunzitso chimenechi tikuchikana, pakuti chimanamizira Mulungu ndipo chimathira tsabola pa chilonda cha ofedwa.

Kodi khanda lidakokoloka kumsana kwa mai ake lija lidalakwanji? Kodi ife amene tidapulumuka ndife oyera mtima kuposa iwo? Mu Mthenga Wabwino wa Luka, mutu 13, Ambuye Yezu adakumbutsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera. Adakanitsitsa kuti iwowo anali olakwa koposa anzao, ndipo adauza omverawo kuti atembenuke mtima eni ake. Abwenzi atatu a Yobu nawonso adamuumiriza kuti aulule tchimo limene lidamugwetsera tsoka, koma potsiriza Mulungu adadzudzula iwowo. Amene akuloza chala ku Chilobwe akumbukire mau a makolo: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Palinso bodza lina limene ife tomwe, ansembe ndi akristu, timalikonda chifukwa limamveka ngati pemphero. Timati zonse nchifuniro cha Mulungu, kenaka nkupinda manja. Koma kodi ndi Mulungu amene adameta phiri la Ndirande m'zaka za m'ma 1990? Kodi ndiye amatentha makala, kapena kukankhira amphawi kukamanga pa zitunda ndi m'mbali mwa mitsinje chifukwa alibe ndalama ya poloti? Mvula sitidaiitane ndife, koma mitengo yogwira nthaka tidadula ndife. Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya mu 2015 yotchedwa Laudato Si', adatichenjeza kuti chilengedwe chikaonongeka oyamba kulira ndi osauka. Kusenzetsa Mulungu mlandu wathu nkuthawa kulapa.

Nanga kudalira Mulungu m'masautso nkutani? Sikudzikakamiza kumwetulira pa maliro ai. Masalimo ambiri ndi madandaulo, ndipo Ambuye athu omwe adalira mokweza pa mtanda. Mai amene amafunsa Mulungu chifukwa chake akulankhulabe ndi Atate ake, ndipo funso lakelo ndi pemphero. Chikhulupiriro chathu sichidatilonjeze moyo wopanda mtanda. Chidatipatsa Mulungu amene adausenza yekha, nafa, nauka kwa akufa. Nchifukwa chake Paulo ndi Sila adaimba nyimbo pakati pa usiku m'ndende ya ku Filipi misana ili mabala okhaokha, ndipo Francis Woyera wa ku Assisi adapeka nyimbo yake yotamanda Mlengi ali wodwala, maso atatsala pang'ono kuchita khungu. Iwo ankatamanda Mulungu amene anali nao m'zowawazo.

Ifenso tidamuona Mulungu ameneyo. Tidamuona mwa anyamata amene adafukula matope ndi makasu ndi manja kufuna anthu osawadziwa, ndiponso mwa amai a m'miphakati amene adasonkha ufa ndi zovala kupita nazo kwa ogona m'makalasi a sukulu. Kumeneko kudali kutamanda Mulungu koona, ngakhale padalibe ng'oma kapena visekese.

Tsono abale, wina akabwera pakhomo panu kudzanena kuti mwana wanu adafa chifukwa cha machimo anu, mumuuze mwaulemu kuti Mulungu wotereyo sitimdziwa. Ndalama ya botolo la madzi mugulire ufa wa mnzanu. Mphakati uliwonse udziwe maina a amasiye ndi odwala a m'dera lake ndi kumawayendera, ndipo dzinja likafika banja lililonse libzale mtengo ndi kuusamala. Ndipo Lamulungu tibwere ku Misa ndi misozi yathu yomwe, tiipereke pamodzi ndi mkate ndi vinyo, tiimbe ngakhale mau akunjenjemera.