Dzino Lomera Mwakacetecete

Mwezi wathawu ndinakumana ndi mai wina wa ku Kapata akucokera kucipatala. Mwana wake wa zaka 9 anali atagwira tsaya, thonje lili m'kamwa. Anali atamzula dzino la cibwano. Maiyo anandiuza kuti pamene dzinolo linayamba kuda sanadere nkhawa, poganiza kuti ndi la ukhanda, lidzaguluka lokha n'kumera lina. Koma pamalopo sipadzameranso kanthu.

Makolo anzanga, ambiri a ife timaphonya pomwepa. Mwana akafika zaka 6, kumbuyo kwa mano ake a ukhanda kumamera mano anai a cibwano, awiri m'mwamba, awiri m'munsi. Amenewa sayembekezera kuti lina liyambe laguluka, cifukwa cace sitiwazindikira, komatu ndi a moyo wonse. Anai ena amatsatira pa zaka 12. Pamwamba pa mano otere pali tingalande topapatiza kotero kuti mswaki sufika pansi pake. M'menemo mumatsalira zotsekemera za maswiti, mabisiketi ndi tiyi wa shuga wambiri, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timasandutsa shugayo kukhala asidi wofumbwitsa dzino.

Njira ilipo yotseka tingalandeto dzino lisanabooke. Acipatala amaicha sealant. Amatsuka dzino, naliumitsa, kenaka nathira m'tingalande mankhwala amene amauma ngati pulasitiki. Palibe jakisoni, palibe kuboola, ndipo mwana samva kuwawa. Maziko ake anaikidwa mu 1955 ndi Michael Buonocore wa ku America, amene anapeza m'mene pulasitiki ingagwirire zolimba pa dzino. Bungwe la CDC la m'dziko lomwelo limanena kuti m'zaka ziwiri zoyamba kumata kotere kumaletsa mabowo 8 mwa 10 alionse a mano a kumbuyo.

Wina angati zimenezi nza m'matauni a magetsi. Iai. Pali mtundu wina wochedwa glass ionomer, wosakaniza pamanja ndi kukanikizira m'tingalande ndi cala. Dokotala Jo Frencken wa ku Netherlands anayamba kusamala mano ndi zipangizo za pamanja zokha ku Tanzania m'ma 1980, ndipo m'ma 1990 njirayi inayesedwa pa ana a sukulu ku Zimbabwe. Mu 2021 bungwe la WHO linaika glass ionomer pa mndandanda wa mankhwala ofunika koposa. Ine ndiona kuti nkhaniyi iyenera kumveka m'misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, ku Chadiza ndi ku Vubwi komwe, pakuti tazolowera kupita kwa a mano tsaya litatupa kale, pamene cotsala n'kuzula basi.

Mukapita ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete, funsani a mbali ya mano ngati angamate mano a mwana wanu. Dziwani kuti dzino lokhala ndi bowo lalikulu lifuna cithandizo cina, ndiponso comatiraco cimatha kugamphuka, motero ciyenera kuonedwa caka ndi caka. Sicifika pakati pa dzino ndi linzace. Kutsuka m'mawa ndi madzulo ndi mankhwala a fluoride kukhalabe nchito yanu.

Madzulo ano muitaneni mwanayo, ayasamule poyera. Yambani pa dzino la pakati kutsogolo, muwerenge cobwerera m'mbuyo. Mano a ukhanda ndi asanu mbali iliyonse. Mukapeza lacisanu ndi cimodzi, ndilo loyenera kupita nalo kucipatala likali loyera.