Cholembera Chikalakwa mu Ofesi, Asalipire Ndi Wam'munda

Abale ndi alongo a m'maesiteti a tiyi ku Honde Valley ndi ku Chipinge, komanso inu ogwira ntchito m'nyumba za mabwana, pali chizolowezi china chimene tachilekerera nthawi yaitali. Munthu akatumidwa ulendo wa ntchito, ofesi ndiyo imakonza zonse: tsiku, basi, malo ogona ndi ndalama ya m'njira. Koma ofesiyo ikalakwitsa, wotumidwa uja ndiye amalipira.

Nkhani yake imayenda motere. Kapitawo watumidwa kuchokera ku esiteti ina ya kufupi ndi Hauna kukaphunzira kadulidwe ka tiyi ku Chipinge. Watsikira ku Mutare, wakwera basi ina pa Sakubva, wafika dzuwa litalowa. Kumeneko akumuuza kuti akumuyembekezera Lachinayi, pomwe kalata imene anapatsidwa ikunena Lachiwiri. Wagona ndi kudya ndi ndalama yake. Mwezi ukatha, akupeza kuti masiku awiriwo alembedwa ngati anajomba, ndipo malipiro adulidwa.

Mayi wolera ana naye amakumana ndi zomwezi. Abwana amugulira tikiti pa Roadport ku Harare kuti aperekeze banja lawo ku Blantyre kudzera pa Nyamapanda ndi ku Tete. Dzina la pa tikiti lasiyana ndi la mu pasipoti chifukwa sanamufunse kalembedwe kake. Ndalama yokonzera cholakwacho akuichotsa pa malipiro ake.

Kulakwitsa mayina athu sikunayambe lero. Agogo athu amene anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland kudzera mwa Mthandizi ankalembedwa mayina monga momwe khutu la kalaliki linamvera. Mpaka pano mabanja ena ali ndi zikalata zosagwirizana, ndipo adzukulu ndiwo akuvutika nazo m'maofesi a ziphaso. Kodi tipitirize kusenza zolakwa za zolembera za anthu ena?

Ena amati kalaliki nayenso ndi munthu, amalakwitsa. Zoona, ndipo palibe akuti achotsedwe ntchito. Koma lole ya esiteti ikafera m'njira masamba n'kuwonongeka, kampani imadziwa kuti imeneyo ndi mbali ya bizinesi yake. Ulendo wa ntchito ndi bizinesi ya wolemba ntchito, choncho zolakwa zake zigwere thumba lomwelo limene phindu limalowa. Enanso amafunsa kuti, "Bwanji sunaonetsetse usananyamuke?" Aonetsetsa bwanji munthu amene wapatsidwa pepala lachingerezi m'mamawa, galimoto italiza kale injini?

Lamulo la dziko lino silinatiiwale. Ndime 12A ya Labour Act ya Zimbabwe imaletsa kudula malipiro a wantchito kupatula pa zifukwa zimene lamulolo latchula, monga kujomba, kubweza ndalama imene unatengeratu, kapena ngongole imene unavomera molemba. Cholakwa cha kalaliki sichili pa mndandandawo, ndipo munthu amene ali paulendo wotumidwa sanajombe. N'chifukwa chake ena amathamangira kukupatsani pepala loti musaine, lonena kuti ndalama ya tikiti inali ngongole. Siginecha yanuyo ndiyo imene akuifuna. Musawapatse.

Tsono titani? Musananyamuke, pemphani kalata yonena amene wakutumani, kumene mukupita ndi masiku ake. Yerekezani dzina la pa tikiti ndi la pa chiphaso chanu, chilembo ndi chilembo. Ngati kuwerenga kumakuvutani, itanani mnzanu. Zikasokonekera m'njira, tumizani uthenga wa pafoni ku ofesi nthawi yomweyo kuti ukhale umboni. Sungani matikiti ndi malisiti onse, ndipo ajambuleni. Akakudulani malipiro, pitani ku komiti ya ogwira ntchito, kenako ku GAPWUZ kapena ku NEC yoona za ulimi. Inu a m'nyumba, dandaulo lanu lifike ku ZDAWU kapena kwa ofisala wa boma woona za ntchito.

Ndipo inu a m'makomiti, musadikire kuti wina agone pa depoti. Kaikeni nkhaniyi pa msonkhano wotsatira ndi mabwana, ndipo ilembedwe: amene wakonza ulendo ndiye alipire zolakwa zake. Wothyola tiyi amayesedwa pa sikelo tsiku ndi tsiku, ndipo masamba oipa amamubwezera. Nayonso ofesi iyesedwe pa ntchito yake.