Amayi akakhala chete pamsonkhano, funsani wapampando

Pakamveka dandaulo loti amayi salankhula pamisonkhano ya kuntchito, mabwana amakhala ndi mankhwala okonzeratu: atumizeni ku maphunziro a masiku awiri kuhotelo, akaphunzire kudzikhulupirira. Amene amapereka mankhwalawa amaganiza kuti matenda onse ali mumtima mwa mayiyo. Ine ndikuti gawo lalikulu la vutoli lili m'kayendetsedwe ka misonkhano yathu, ndipo mbiri ya Kabwe ikuonetsa kumene kayendetsedweka kadachokera.

Tauni ino idamera pa mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill komanso pa njanji yomwe idafika kuno mu 1906. Zonsezi zinali ntchito za abambo, ndipo misonkhano ya mabwana, ya mabungwe a antchito, ngakhale ya ndale kuthanthwe la Mulungushi komwe chipani cha UNIP chidasonkhana mu 1960, idazolowera kuti mwamuna azilankhula ndi amuna anzake. Mgodi udatsekedwa mu 1994, fakitale ya nsalu ya Mulungushi nayo idadzaima, ndipo m'makomo ambiri ku Makululu, Bwacha ndi Chowa amayi ndiwo adasenza udindo wosaka chakudya. Lero amayi adzaza m'masukulu, m'zipatala, m'mabanki ndi kukhonsolo, ndipo chaka chilichonse Kwame Nkrumah University ndi Mulungushi University zimatulutsa ena. Antchito adasintha, koma msonkhano udakali ndi makhalidwe a nthawi ya mgodi.

Taonani mmene msonkhano wa aphunzitsi umayendera pasukulu zambiri. Mayi mmodzi amapatsidwa pemphero lotsegulira, wina amauzidwa kuti aone za tiyi, wachitatu amalemba maminitsi, mutu uli pansi mpaka kumapeto. Nkhani ikafika pa ndalama kapena pa kagawidwe ka makalasi, wapampando amangoti "amene ali ndi maganizo", ndipo oyamba kutsegula pakamwa amakhala aja osadikira kulozedwa. Mayi akalimba mtima amayamba ndi "pepani, mwina ndalakwitsa", asanafike pa mfundo wina wamudula kale. Pakapita kanthawi bambo wina amanena zomwezo mokweza mawu, anthu n'kugwedeza mitu, ndipo mayi wolemba uja amazilemba pa dzina la bamboyo. Munthu zikamuchitikira kangapo zoterezi amaphunzira kuti kukhala chete n'kosavuta. Komatu mayi yemweyu kuchilimba amawerengetsa anzake ndalama mpaka ngwee yomaliza, kumpingo amalalikira gulu la amayi popanda kapepala m'manja, ndipo pamsika amakangana ndi wogulitsa tomato mpaka mtengo utsike. Akadakhala kuti mantha adabadwa nawo, bwenzi akumutsatira konseko.

Akatswiri awiri a ku America, Christopher Karpowitz ndi Tali Mendelberg, adafufuza nkhaniyi n'kulemba buku lotchedwa The Silent Sex mu 2014. Adapeza kuti amayi akakhala ochepa m'gulu lomwe limagamula nkhani potsata unyinji wa mavoti, amalankhula mochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero chawo. Lamulo likasintha, kuti nkhani isagamulidwe mpaka aliyense avomereze, amayi ochepawo amayamba kulankhula. Chomwe chidasiyanitsa magulu awiriwa ndi lamulo la msonkhano basi. Kuno kwathu tingawonjezerepo chinenero. Anthu a mu Kabwe amacheza m'Chibemba, Chilenje ndi Chinyanja, koma akalowa m'chipinda cha msonkhano Chingerezi chimasanduka muyeso wa nzeru, ndipo woopa kusekedwa chifukwa cha liwu limodzi lopotoka amameza mfundo yomwe ikadathandiza onse.

Ena anena kuti uku n'kulimbana ndi chikhalidwe, popeza alangizi amaphunzitsa mtsikana kufatsa ndi kusayankha akulu. Ulemu kwa apongozi ndi wabwino, ndipo palibe akufuna kuuchotsa. Koma namwino amene waona kuti mlingo wa mankhwala walembedwa molakwika, n'kukhala chete poopa dokotala, waika moyo wa wodwala pachiswe, ndipo palibe mlangizi amene angatche zimenezo ulemu. Chikhalidwe chomwechi chili ndi mafumu aakazi monga a Nkomeshya Mukamambo II a Asoli, amene amaweruza milandu abambo atakhala pansi. Mu 1960 a Julia Chikamoneka adatsogolera amayi kukachita zionetsero pamaso pa nduna ya ku Britain, Iain Macleod, ku Lusaka. Mawu akuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo amatuluka kawirikawiri m'kamwa mwa amene akuopa kuti mpando umuchoka.

Enanso aloza kumwamba: a Inonge Wina adakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2015, a Mutale Nalumango adawalowa m'malo mu 2021, chaka chomwecho a Nelly Mutti adakhala mayi woyamba kukhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Ndiye vuto lili pati? Mainawa ndi onyaditsa, koma chisankho chomwecho cha 2021 chidasiya amayi ali pafupifupi 15 okha mwa aphungu 100 alionse. Ndipo njira yomwe a Nalumango adayenda ikutsimikiza mfundo yanga. Adali mphunzitsi, adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2001 ngati phungu wa Kaputa, n'kudzakhala wachiwiri kwa Sipikala mu 2006. Mawu awo adakhwima chifukwa kwa zaka zambiri ankapatsidwa malo oimirira n'kulankhula, kulakwitsa, mawa n'kuimiriranso.

Sindikukana kuti mayi naye ali ndi mbali yake. Kufika pamsonkhano atalemba mfundo zake, kusiya kupepesa asanalankhule, ndi kunena modekha kuti "ndisanamalize, bambo" zimathandiza ndithu. Koma kumuuza kuti alimbe mtima, uku msonkhano ukuyendabe mwakale, n'kumusenzetsa yekha katundu wa gulu lonse. Lamulo la Gender Equity and Equality Act la 2015 lidaletsa tsankho, koma silingakhale m'chipinda chilichonse kuti liletse munthu kudula mnzake mawu. Amene angatero ndi wapampando.

Choncho inu aphunzitsi aakulu, oyang'anira mawodi ndi akuluakulu a maofesi mu Kabwe muno, ndalama za maphunziro a kuhotelo zija zisungeni kaye. Pamsonkhano wotsatira perekani maminitsi kwa bambo, ndipo muuzeni mayi kudakali masiku kuti nkhani ya bajeti adzaifotokoza ndi iye, m'chinenero chomwe angaimveketse bwino. Wina akamudula mawu, muletseni pomwepo anthu onse akumva.