Diso la kamera ndi diso la mphunzitsi

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, chotupa cha mu ubongo chimavuta chifukwa m'mphepete mwake chimafanana ndi ubongo wabwinobwino. Dokotala akasiyako pang'ono, chimaphukanso. Akadula mopyola, munthu atha kudzuka asakutha kuyankhula kapena kuyenda. N'chifukwa chake m'mayiko ena ayamba kulowetsa kakamera kowonda ngati cholembera, kokulitsa maselo kambirimbiri, kuti dokotala aone pompopompo kuti apa ndi chotupa, apa ayi. Palinso mankhwala a 5-ALA, omwe ku Europe anavomerezedwa mu 2007: wodwala amamwa opaleshoni isanayambe, ndipo akaunika ndi kuwala kwa buluu, chotupa cha mtundu wa glioma chimawala pinki.

Nzeru zabwino ndithu. Koma ine ndikuti kwa mwana wa ku Insaca kapena Entre Lagos, kamerayi imabwera kumapeto kwenikweni. Madokotala a opaleshoni ya ubongo ali kutali, ku Nampula kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mwana safika kumeneko ngati wina sanamuone msanga. Winayo ndi ife. Mwana wodandaula mutu m'mawa uliwonse n'kumasanza, wodzandira poyenda, woona zinthu ziwiriziwiri pa bolodi, amene zolemba zake m'kope zasokonekera mwadzidzidzi kapena wayamba kukomoka ngati wakhunyu, tisafulumire kumunena kuti ndi waulesi kapena wamulodza wina.

Inde, kawirikawiri sichikhala chotupa. Koma akamupima malungo osawapeza, mutu osaleka, bwererani naye kuchipatala, mukafunse ngati angamutumize ku Cuamba.